Kusonkhanitsa mabuku akale a nyama ndi tizilombo: yambani ndi kuwerenga zithunzi

Wina akakutambasulirani buku lakale la mbalame, la njoka kapena la agulugufe kuti mugule, musathamangire kufunsa mtengo, ndipo chaka cholembedwa patsamba loyamba chisakutengeni mtima. Tsegulani kumayambiriro, pezani mndandanda wa zithunzi, kenako muziwerenge chimodzichimodzi mpaka chomaliza. M'mabuku a zamoyo, mtengo wagona pa zithunzi zimene zinasindikizidwa pamapepala apadera n'kusokeredwa kapena kumatidwa pakati pa masamba. Buku la zithunzi 40 limene latsala ndi 39 ndi lopunduka, ndipo osonkhanitsa odziwa amalikana kapena kulitsitsa mtengo kwambiri, ngakhale chikuto chake chikhale chowala bwanji.

Zithunzi zimasowa chifukwa pali malonda ake. Amalonda ena amagula buku lathunthu n'kulimasula, chithunzi chilichonse n'kuchiika m'felemu kuti chikakongoletse khoma la hotela kapena la ofesi, poti zithunzi zogulitsidwa chimodzichimodzi zimabweretsa ndalama zambiri kuposa buku lonse. Zimenezi zinachitikira makope ambiri a The Birds of America la John James Audubon, limene linatuluka pakati pa 1827 ndi 1838 ndi zithunzi 435, tsamba lililonse lotalika pafupifupi mita imodzi. Makope athunthu anatsala ochepa, n'chifukwa chake limodzi linagulidwa mapaundi oposa 7 miliyoni ku Sotheby's, kampani yogulitsa zinthu pa okushoni, mu London m'chaka cha 2010. Ambirife sitidzagwira buku lotere m'manja, koma lumo limene linadula mabuku a Audubon limadulanso timabuku tating'ono ta agulugufe ndi agwape.

Powerenga, khalani pansi ndi pepala ndi pensulo. Yerekezani nambala ndi dzina la chithunzi chilichonse ndi zimene zili pamndandanda. Werenganinso manambala a masamba, makamaka oyambirira olembedwa ndi manambala achiroma ndi omalizira a mlozera, chifukwa ndi amene amathothoka msanga. Mapu opinda ndiwo amasowa kwambiri: amang'ambika m'mapindiro, ena amakhala m'kathumba kumapeto ndipo amasololedwa mosavuta. Pamene padulidwa chithunzi nthawi zambiri pamatsala kachidutswa kopyapyala pafupi ndi ulusi wosokera, kapena patsamba loyang'anizana nalo pamaoneka chithunzithunzi cha chinthu chimene palibe, chifukwa inki inadinda pamenepo kwa zaka zambiri. Ngati bukulo lilibe mndandanda, fufuzani kope lake pa Biodiversity Heritage Library, pamene malaibulale akuluakulu anaika mwaulere masamba ojambulidwa a mabuku akale a zamoyo, ndipo muyerekeze tsamba ndi tsamba. Onetsetsani kuti mukuyerekeza ndi kusindikiza kwa chaka chomwecho. Buku la Maria Sibylla Merian la tizilombo ta ku Suriname linatuluka mu 1705 ndi zithunzi 60, koma la 1719 lili ndi 72. Wosadziwa angaganize kuti loyambalo n'loperewera pamene ndilo lofunika koposa.

Ukalamba pawokha si mtengo

Anthu ambiri amakhulupirira kuti buku likangokwanitsa zaka 100 ndiye kuti ndi chuma. Ayi ndithu. Mabuku otchuka a zamoyo a m'zaka za m'ma 1800 anasindikizidwa mobwerezabwereza m'makope ochuluka, ndipo mpaka lero ndi osavuta kupeza. Chimene chimakweza buku ndi kuchepa kwa makope, kufunika kwa zimene zili m'katimo, luso la zithunzi, ndi mmene lasungidwira. Pa zamoyo palinso china chapadera. Mayina a sayansi a nyama amawerengedwa kuyambira pa kusindikiza kwa nambala 10 kwa Systema Naturae, buku la Linnaeus, katswiri wa zamoyo wa ku Sweden, kwa 1758, ndipo dzina limene linasindikizidwa koyamba ndilo limakhala ndi mphamvu. Motero buku kapena kapepala kamene munatuluka koyamba dzina la nsomba inayake ya m'nyanja ya Malawi sikakalamba kwa akatswiri. Amabwererabe kukaona zimene wolemba woyambayo anafotokoza ndi kujambula.

Munthu woyamba kumene asankhe munda waung'ono umene angathe kuulima. Kugula chilichonse chokhala ndi chithunzi cha nyama kumadzaza shelefu koma sikumanga kanthu. Kwa ife a kuno, munda wabwino koposa ndi mabuku a zamoyo za dziko lino ndi maiko oyandikana nalo, chifukwa ndi owerengeka, ambiri sanafike pamitengo yoopsa, ndipo malo otchulidwamo timawadziwa.

Henry Drummond, amene anayenda m'chigawo cha nyanja yathu mu 1883, anatulutsa Tropical Africa mu 1888, ndipo muli mutu wathunthu wonena za chiswe ndi wina wa tizilombo todzifanizira ndi masamba ndi timitengo. Linasindikizidwa kambirimbiri, choncho ndi poyambira posavuta. British Central Africa la Harry Johnston, la 1897, lili ndi mindandanda ya nyama, mbalame, nsomba ndi tizilombo, zambiri mwa izo zotoleredwa ndi Alexander Whyte cha ku Zomba ndi Mulanje. Mapu ake ndi 6, ndipo muwawerenge onse. Pa mbalame pali mzere wokoma wotsatizana: The Birds of Nyasaland la Charles Belcher, amene anali woweruza milandu kuno, linatuluka mu 1930 ndipo liyenera kukhala ndi mapu. C. W. Benson anatulutsa mndandanda wa mbalame za Nyasaland mu 1953. Ndipo iye ndi mkazi wake anatulutsa The Birds of Malawi mu 1977. Mukawaika pamodzi atatuwa mumaona mmene chidziwitso chinakulira m'zaka pafupifupi 50, mitundu ikuwonjezeka, mayina akusintha. Pa njoka pali Snakes of Nyasaland la R. C. H. Sweeney la 1961, pa achule Amphibians of Malawi la Margaret Stewart la 1967, pa agulugufe mndandanda wa David Gifford wa 1965. Okonda nsomba amasaka lipoti la 1942 la Bertram, Borley ndi Trewavas lonena za nsomba ndi usodzi wa m'nyanja ya Nyasa, lochokera pa kafukufuku wa 1939. Ndipo amene mtima wake uli pa tizilombo todwalitsa angafune mabuku a E. E. Austen a ntchentche za kashembe, zofalitsa matenda a kaodzera, a 1903 ndi 1911, amene zithunzi zake zautoto anajambula A. J. Engel Terzi mwaluso moti mitsempha ya phiko lililonse imaoneka.

Musanyoze timabuku tochepa tokhala ndi zikuto zamapepala, malipoti a boma osindikizidwa ku Zomba, ndi magazini monga The Nyasaland Journal, imene inayamba mu 1948 n'kusanduka The Society of Malawi Journal mu 1965. Zinthu zoterezi anthu sankazisunga, zambiri zinathera kukulungira zinthu ndi kuyatsira moto, n'chifukwa chake lero n'zosowa kuposa mabuku akuluakulu a zikuto zolimba. Kuti mudziwe mmene kope lathunthu limaonekera musanawononge ndalama, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre ndi National Archives ku Zomba ndi malo oyenera kukaphunzirirako ndi maso.

Posaka pa intaneti, pa masamba osakirapo mabuku akale ogulitsa monga AbeBooks kapena viaLibri, gwiritsani ntchito mayina akale. Lembani Nyasaland kapena British Central Africa, Lake Nyasa, Mlanje, Cholo, Kota Kota, Port Herald m'malo mwa Nsanje, Fort Johnston m'malo mwa Mangochi. Nyama nazonso zinasintha mayina: chambo m'mabuku akale chili pansi pa Tilapia pamene lero ndi Oreochromis, ndipo nsomba zambiri za m'nyanja yathu zinkalembedwa kuti Haplochromis. Mtengo umene wogulitsa walemba ndi chikhumbo chake chabe. Buku lingakhale pamenepo zaka osagulidwa, choncho yerekezani makope angapo ndipo musaope kunenerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kusindikiza koyamba, kobwereza, ndi kojambula

Tembenuzani tsamba la mutu wa buku muone kumbuyo kwake. Pamenepo osindikiza ankalemba chaka choyamba ndi zaka zimene anabwereza. The Birds of South Africa la Austin Roberts, lokhala ndi zithunzi zautoto 56 za Norman Lighton, linatuluka mu 1940 ndipo linabwerezedwa kangapo lisanakonzedwenso mu 1957 ndi McLachlan ndi Liversidge. Wogulitsa angakuuzeni moona mtima kuti ndi la 1940 pamene kumbuyoko kwalembedwa kuti ndi kubwereza kwa chaka china. Buku la njoka la Sweeney linasindikizidwanso ku Amsterdam mu 1971, ndi zokonza ndi zowonjezera. Wofuna kuligwiritsa ntchito kutchire asankhe limeneli, koma wosonkhanitsa amafuna la 1961, ndipo mitengo yake siyenera kufanana. Chizindikiro china chosavuta ndi nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku pamalonda: inayamba kufala cha m'ma 1970, choncho buku lonena kuti ndi la 1930 koma lili ndi nambalayi ndi lobwereza.

Chida chofunika koposa m'thumba mwanu ndi kagalasi kokulitsa zinthu ka 10. Zithunzi za m'zaka za m'ma 1700 ndi kuchiyambi kwa 1800 zambiri ankazizokota pachimbale cha mkuwa, n'kuchipaka inki, n'kuchikanikiza mwamphamvu papepala lonyowa pang'ono. M'mphepete mwa chimbalecho munkasiya kamzere kolowa kozungulira chithunzi chonse, ndipo mukayendetsa chala mopepuka mumakamva. Njira ya lithography, imene Alois Senefelder anatulukira mu 1796, ndi yojambula pamwala wosalala ndi choko chamafuta. Kamzere kaja sipakhala, ndipo pansi pa galasi mizere imaoneka ngati mchenga womwazika. Kuyambira m'ma 1890 kunafala njira yosindikiza ndi timadontho tondandalikana bwinobwino ngati maso a sefa. Mukaona timadontho totere m'buku lonena kuti ndi la 1850, dziwani kuti chithunzicho chinajambulidwa kwina n'kulowetsedwamo kutseka mpata.

Utoto wopaka pamanja uli ndi zizindikiro zake. Umadumpha mzere pang'ono apa ndi apo, umachuluka pamene burashi inaima, ndipo makope awiri a chithunzi chimodzi safanana ndendende. Opaka ena ankawonjezera utomoni pa diso la mbalame kapena pa msana wa kachilombo kuti pawale. Pendeketsani tsamba chakuwala, pamenepo padzanyezimira. Chovuta n'chakuti pali anthu amene amatenga kope limene linatuluka lopanda utoto n'kulipaka masiku ano kuti likwere mtengo. Yang'anani pamene utoto wakumana ndi dontho la ukalamba kapena pong'ambika. Ngati utoto uli pamwamba pa dontho kapena walowerera m'mng'alu, unabwera pambuyo.

Za pepala pali chodabwitsa chimene chimasokoneza oyamba: buku la 1780 lingakhale loyera ndi lolimba kuposa la 1920. Mapepala akale ankapangidwa ndi nsanza za thonje ndi bafuta. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1800 anayamba kuwapanga ndi mitengo yopera, ndipo amenewa ali ndi asidi amene amawafiiritsa n'kuwaumitsa mpaka ngodya ya tsamba imathyoka ngati chipapati chouma. Zimenezi sizibwezeka, mungangozichedwetsa posunga pozizira ndi pamdima. Timadontho tofiirira tomwazika, timene ogulitsa amati foxing, timachokera ku chinyezi, chuku ndi tizitsulo totsalira m'pepala. Tikakhala m'mphepete n'topirika, koma tikagwera pachithunzi penipeni mtengo utsike. Timabuku tomangidwa ndi mawaya a sitepula timavutika ndi dzimbiri, limene limadya pepala mpaka masamba apakati amagwa. Wongolani mawayawo mosamala, muwachotse, musoke ndi ulusi wa thonje m'mabowo omwewo. Chikuto chapepala chovundikira buku la m'zaka za m'ma 1900 musachitaye ngakhale chitang'ambika, chifukwa nthawi zambiri ndicho chimasiyanitsa kope wamba ndi losowa.

Zolemba za pamanja musafulumire kuzifufuta. Mwana akakhwatchakhwatcha ndiye kuti waononga, koma munthu amene analemba m'mphepete kuti mbalame yakuti anaiona ku Chiromo mwezi wakuti chaka chakuti wasiya umboni umene mwina kulibenso kwina. Chidindo cha laibulale chimatsitsa mtengo, komanso chimafuna funso: kodi pali chidindo china chosonyeza kuti laibulaleyo inalichotsa yokha m'kaundula? Ngati palibe, kapena pali pofufutidwa ndi podulidwa pamene panali chidindo, lisiyeni. Malaibulale athu ali ndi makope ochepa kale, ndipo wogula buku lobedwa akulanda ophunzira onse obwera m'mbuyo.

Chenjezo limodzi lokhudza thupi lanu: mabuku ena a m'ma 1840 mpaka 1860 okhala ndi zikuto zansalu zobiriwira mowala anapakidwa utoto wokhala ndi poizoni wa arsenic. Akatswiri a kunyumba yosungira zinthu zakale ya Winterthur ku America akhala akulemba mndandanda wa mabuku otere. Logwidwa ndi chikaiko muligwire mutavala magolovesi, mulisunge m'thumba lakelake la pulasitiki kutali ndi ana, ndipo musambe m'manja.

Kusunga m'dziko la chiswe ndi chinyezi

Apa ndi pamene osonkhanitsa a kuno amaluza zambiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: buku lingaoneke bwino kumsana lili pashelefu pamene chiswe chinalowa kumbuyo, kuchokera m'khoma kapena pansi, n'kudya m'kati monse kusiya chigoba chodzaza dothi. Chiswe chingathe kumaliza mzere wa mabuku m'masabata ochepa nyumba ikakhala yotseka. Shelefu ikhale yachitsulo ngati n'kotheka, italikirane ndi khoma masentimita 10, ndipo thabwa lapansi likwere masentimita 15 kuchokera pasimenti kuti muzitha kusesa ndi kuona. Musaiyandikize ku khoma lakunja limene mvula imawomba, kapena la kubafa. Kamodzi pamwezi unikani ndi tochi kumbuyo ndi kunsi, kufunafuna tinjira tadothi. Makatoni oikidwa pansi m'chipinda chosungiramo katundu ndiwo chakudya choyamba cha chiswe.

Adani ena amasiya zizindikiro zosiyana. Mphemvu zimanyambita guluu ndi sitalichi wa pansalu ya chikuto, kusiya zigamba zotuwa. Kachilombo kotuwa kopanda mapiko kamene kamathawa ngati kansomba mukatsegula buku kamapala pamwamba pa pepala, makamaka pazithunzi zosalala. Mphutsi za tizilombo tofanana ndi anankafumbwe zimaboola timabowo tozungulira kuchokera kumsana. Mukaona ufa wosalala pansi pa buku ndiye kuti zikadali moyo. Makoswe amang'amba kuti akamangire zisa.

Musapopere mankhwala ophera tizilombo pabuku, ndiponso musathire ufa wosungira chimanga. Amasiya madontho amafuta, safika pamene pali mazira, ndipo mudzawapuma inu nomwe powerenga. Njira yodalirika ndi kuzizira. Buku louma bwino likulungeni ndi pepala loyera, muliike m'thumba la pulasitiki lochindikala, osati jumbo yopyapyala ya kumsika, mutulutse mpweya, mumate kotheratu. Liikeni m'firiji youndanitsa nyama yofika madigiri 18 mpaka 20 pansi pa ziro kwa masabata awiri. Magetsi akathima nthawi yaitali moti za m'firiji n'kusungunuka, yambaninso kuwerenga masiku. Mukalitulutsa musatsegule thumbalo mpaka patapita maola 24, kuti mame agwere kunja kwa pulasitiki osati papepala. Buku lililonse latsopano m'nyumba likhale palokha kaye, lisanasakanizidwe ndi anzake.

Chuku chimayamba chinyezi cha mumpweya chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, ndipo mulingo wabwino ndi pakati pa 45 ndi 55. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ngakhalenso nthawi ya chiperoni ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, nyumba zambiri zimapitirira pamenepo. Kachipangizo koyezera chinyezi ndi kotsika mtengo, gulani. Mpweya woyenda ndi mankhwala oyamba: musathinitse mabuku, ndipo kabati yagalasi muziitsegula masiku ouma. Ofunika kwambiri aikeni m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel, timene muyenera kumatiumitsa mu uvuni wofunda tikakhuta madzi. Kukulunga buku m'pulasitiki kwa miyezi nyengo yachinyezi n'kulitsekera limodzi ndi mdani. Chuku chikagwa, tulukani nalo panja pamthunzi, valani chotseka pakamwa ndi mphuno, dikirani chiume, kenako muchisese ndi burashi yofewa kuchokera kumsana kupita kunja. Kuyanika padzuwa kumafwifwitsa utoto wa zithunzi ndi kupinda zikuto.

Mabuku aakulu olemera agone chogona, osapitirira atatu pamulu umodzi, chifukwa akaima kulemera kwa masamba kumang'amba msana. Potulutsa buku pashelefu musakoke ndi chala pamutu pa msana; kankhirani oyandikana nalo m'kati pang'ono, muligwire pakati. Manja osamba ndi ouma ndi okwanira. Timapepala topyapyala totchinga zithunzi tisachotsedwe, tinaikidwa kuti inki ndi utoto zisadinde tsamba linalo.

Pokonza, lamulo n'lakuti musachite chimene sichingamasulidwe. Selotepi imauma n'kugwa patapita zaka, koma guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya banga lofiirira losachoka. Kumata tsamba m'pulasitiki yotenthetsa, monga timachitira ndi masatifiketi, kumapha chithunzi kotheratu. Pong'ambika pamamatidwa ndi kapepala kopyapyala ka ku Japan ndi phala la sitalichi wa tirigu: muyezo umodzi wa sitalichi, isanu ya madzi, kuphika pamoto wochepa mukutakasa kwa mphindi pafupifupi 20 mpaka liwonekere ngati galasi, kuliziziritsa ndi kulisefa. Pakani pang'ono zedi, ikani pepala losamata pamwamba ndi pansi, tsinjikani ndi chinthu cholemera mpaka liume. Buku limene chikuto chathothoka musalipereke kwa womanga mabuku a kusukulu, chifukwa amadula m'mphepete ndi makina ndipo nthawi zina amadula mayina a pansi pa zithunzi. Ndi bwino kulimanga ndi kansalu koyera ka thonje n'kulipangira bokosi lolingana nalo.

Denga likadontha buku n'kunyowa, muli ndi maola pafupifupi 48 chuku chisanayambe. Liimikeni chotsegula pang'ono pamalo odutsa mphepo kapena patsogolo pa fani, mulowetse mapepala oyera omwa madzi pakadutsa masamba 20 alionse, ndipo muziwasintha akanyowa. Masamba osalala onyezimira, amene zithunzi zambiri za m'zaka za m'ma 1900 zinasindikizidwapo, akauma atagundana amamatirirana ngati thabwa ndipo sangalekanitsidwenso, choncho amenewa alekanitseni limodzilimodzi akadali onyowa. Ngati mabuku onyowa achuluka kuposa manja anu, akulungeni lililonse palokha, muwaike m'firiji youndanitsa ija, ndipo muziwatulutsa awiriawiri pamene mwapeza mpata wowaumitsa.